Buku la zokonzetsa lisamabisidwe

Ku Denmark, kufupi ndi tauni ya Hillerød, kuli mudzi wa Sættedammen umene mabanja 27 anakhazikitsa mu 1972. Banja lililonse lili ndi nyumba yake, koma palinso nyumba ya onse momwe amaphika ndi kudyera limodzi. Kakhalidwe aka kanafika ku America mu 1991, pamene mudzi wa Muir Commons unatsegulidwa ku Davis, California.

Ambiri amatengeka ndi nkhani ya kudyera limodziyo. Ine chondikhudza ndi tsiku limene denga la nyumba ya onse layamba kudontha, kapena makina ochapira afa. M'midzi yotere anthu amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, zina n'kusungira ntchito zikuluzikulu. Nanga ndani akudziwa kuti paipi inasinthidwa liti, anaikonza ndani, ndipo analipidwa zingati? Zonsezi zikakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, tsiku losamuka amapita nazo. Wobwera kumene amangouzidwa kuti chopereka chakwera osaona chifukwa chake, ndiye manong'onong'o amayambira pomwepo, ngakhale palibe amene wadya ndalama.

Amene anasonkhapo ndalama za mjigo kwathu kuno akudziwa: msungichuma akapanda kuonetsa kope, mwezi wotsatira anthu amaumira.

Choncho pakhale buku la zokonzetsa. Kaya ndi kope lopachikidwa pakhoma la khitchini, kaya ndi tsamba la pa intaneti, pazilembedwa tsiku, chimene chinaonongeka, mtengo wake, risiti n'kuiphatikiza pomwepo. Wosonkha aliyense aziwerenga popanda kupempha chilolezo kwa komiti.