Nyamakazi yopinda zala: mankhwala opha ululu okha sakwanira

ULONGWE — M'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, munthu akamva kuwawa m'mfundo timangoti ndi nyamakazi, ndipo ambiri amathamangira kumsika kukagula bulufeni kapena indosidi. Koma nyamakazi ili mitundumitundu. Ilipo ina imene achipatala amaitcha artrite reumatóide, ndipo imeneyi ikalekereredwa imapinda zala mpaka mayi kulephera kugwira khasu, mthiko, ngakhale kumanga mbereko.

Nthendayi siyamba chifukwa cha ukalamba, kuzizira kwa mwezi wa Juni kapena kulodzedwa. Chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimasokonekera n'kuyamba kuwononga mfundo za mwini thupi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la OMS likuti mu 2019 anthu 18 miliyoni anali ndi nthendayi, ndipo mwa odwala 10 aliwonse, 7 anali amayi. Kusuta fodya kumaonjezera mpata woidwala.

Muizindikire motere: mfundo za zala zakumanja ndi zakuphazi zimatupa ndi kutentha, kawirikawiri mbali zonse ziwiri, m'mawa zala zimauma kwa ola lathunthu kapena kuposa, thupi limangotopa. Mukaona zotere kwa milungu ingapo, pitani kuchipatala. Kutema mphini sikungaletse zimene zikuchitika m'kati mwa mfundo.

Tsono tinene za mankhwala, poti apa ndi pamene ambiri amasochera. Bulufeni, indosidi ndi diclofenac amachepetsa ululu ndi kutupa, koma nthenda imapitirizabe kudya mafupa mwakachetechete. Akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amawononga impso. Prednisolona amathandiza msanga, mwakuti wodwala amaganiza kuti wachira, koma akakhalitsa amafewetsa mafupa, amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso amatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Amene wamwa prednisolona kwa milungu yambiri asaleke mwadzidzidzi. Adokotala ndiwo amachepetsa pang'onopang'ono.

Mankhwala amene amaimitsa kuwonongeka kwa mfundo ndi ena. Odziwika kwambiri ndi metotrexato, amene pa mapaketi ochokera ku Malawi ndi Zambia amalembedwa methotrexate. Mvetsetsani bwino apa, abale: amenewa amamwedwa kamodzi pa mlungu, osati tsiku lililonse. Kumwa tsiku ndi tsiku kwaphetsa anthu. Sankhani tsiku limodzi losaiwalika, monga la msika, ndipo wina wa pakhomo azikukumbutsani. Adokotala amaperekanso ácido fólico woti muzimwa pa tsiku lina, kuti achepetse nseru ndi zilonda za m'kamwa.

Metotrexato sachita changu. Pamatha milungu 6 mpaka 12 munthu asanaone kusintha, ndipo ena amataya mtima n'kusiyira panjira. Pirirani. Muziyezetsanso magazi pa masiku amene mwauzidwa, chifukwa mankhwalawa angathe kuvulaza chiwindi ndi kuchepetsa magazi. Kachasu ndi mowa wamasese zikhale patali.

Pali machenjezo ena awiri. Loyamba: metotrexato amavulaza mwana m'mimba, choncho mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena wofuna kutenga pathupi anene poyera, alipo mankhwala ena, monga hidroxicloroquina ndi sulfassalazina, amene adokotala angasankhe. Lachiwiri: metotrexato sayenderana ndi cotrimoxazol, amene ambiri timati bakitirimu, yemwenso amapatsidwa kwa anthu ambiri okhala ndi kachilombo ka HIV. Kuphatikiza awiriwa kungathe kuumitsa gwero la magazi m'mafupa. Ife a m'malire timalandira mankhwala uku ndi uko, motero popita kuchipatala nyamulani mapaketi onse muonetse anamwino. Mukaona zilonda m'kamwa, kutentha thupi, kubanika kapena maso achikasu, imitsani metotrexato ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Nthendayi ilibe mankhwala oichotseratu, koma ikagwidwa m'miyezi yoyambirira imagonja, munthu n'kumalima monga kale. Chala chimene chapindika kale sichiwongoka ndi mapiritsi. Yambirani kuchipatala cha kufupi ndi kwanu, ndipo akakutumizani ku Ulongwe kapena ku chipatala chachikulu cha ku Tete, achibale sonkhani ya ulendo, wodwalayo apite zala zikadali zowongoka.