Mabilu a gasi ku Britain: kodi ndalama zimapita kwa yani?

Kuyambira m'chaka cha 2021, abale athu ambiri amene akugwira ntchito kapena kuphunzira m'dziko la Britain akhala akudandaula za mabilu a gasi. Ena mwa ife timadabwa tikamva dandaulo lotere, poti gasi amene timamudziwa kuno ndi wa m'masilinda, wophikira, ndipo akakwera mtengo munthu amangomusiya nkubwerera ku makala. Kumeneko nkhani ndi ina. Gasi wake ndi wamtundu wina, amachokera pansi pa nthaka ndi pansi pa nyanja, ndipo amayenda m'mapaipi mpaka kulowa m'nyumba monga achitira madzi a pampopi. Nyumba zoposa 8 mwa 10 zilizonse zimafunditsidwa ndi gasi ameneyu m'nyengo yachisanu, ndipo kwa agogo kapena khanda, kugona m'nyumba yosafunditsa mwezi wa Januwale ndi kuika moyo pachiswe. Kuonjezera apo, m'chaka cha 2022 pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a magetsi a dzikolo ankapangidwa ndi gasi, choncho gasi akakwera, magetsi nawo amatsatira.

Bungwe la boma loyang'anira malondawa, la Ofgem, lidayamba kuika malire a mitengo mu Januwale 2019. Malirewo ndi a mtengo wa yuniti imodzi, osati a bilu yonse, kotero wogwiritsa ntchito gasi wambiri amalipirabe zambiri. Koma pofuna kuti anthu amve msanga, bungweli limalengeza ndalama zimene banja wamba lingalipire pa chaka pa gasi ndi magetsi pamodzi. Mu Okutobala 2021 ndalamazo zidali mapaundi 1,277. Mu Epulo 2022 zidafika 1,971. Mu Okutobala chaka chomwecho zikadafika 3,549, koma boma la mayi Liz Truss lidalowererapo nkuziimitsa pa 2,500, ndipo zotsalazo lidalipira kuchokera m'thumba la boma. M'chaka chimodzi chokha bilu ya banja idawirikiza pafupifupi kawiri, pomwe malipiro a pantchito adangokwera pang'ono chabe. M'chisanu chimenecho matchalitchi ndi malaibulale ambiri adatsegula zitseko masana kuti anthu olephera kufunditsa nyumba zawo adzakhale pofunda.

Chidakweza mitengo sichovuta kufotokoza. Mafakitale atatsegulanso pambuyo pa mliri wa Covid-19, maiko a ku Ulaya ndi ku Asia adayamba kulimbirana gasi yemweyo. Kenaka pa 24 Febuluwale 2022 dziko la Russia lidathira nkhondo dziko la Ukraine, ndipo gasi wa ku Russia, amene adali pafupifupi magawo 40 pa 100 a gasi wogulidwa kunja ndi maiko a European Union, adayamba kuchepa mpaka paipi ya Nord Stream idasiyiratu kugwira ntchito. Dziko la Britain lenilenilo linkagula gasi wochepa kwambiri ku Russia, wosafika magawo 5 pa 100. Pafupifupi theka la gasi wake linkachokera pansi pa nyanja yake yomwe ya North Sea, wina nkumachokera ku Norway, ndipo wotsalayo ankabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku Qatar ndi ku America. Nanga bwanji mabilu adakwera chotere? Yankho lake lagona pa umwini. Gasi wa ku North Sea amakumbidwa ndi makampani omwe si a boma, ndipo amamugulitsa pa mtengo wa msika wa maiko onse. Mapaipi olumikiza Britain ndi Belgium komanso Netherlands amachititsa kuti wogula wa ku Germany akakweza mtengo, wogula wa ku Leeds akwezenso, apo ayi gasiyo awoloka nyanja.

Sizidali choncho kale. Mpaka m'chaka cha 1986 padali kampani imodzi ya boma, British Gas, imene inkagula gasi, kumuyendetsa m'mapaipi ndi kumugulitsa kwa mabanja. Boma la mayi Margaret Thatcher lidaigulitsa mu Disembala 1986, polimbikitsa anthu wamba kugula masheya kuti aliyense akhale ndi gawo lake. Ambiri adaguladi, koma patapita nthawi ochuluka adagulitsanso masheyawo kwa mabungwe akuluakulu a zachuma. M'chaka cha 1997 kampaniyo idagawidwa. Mbali yogulitsa kwa mabanja idakhala m'manja mwa kampani yatsopano ya Centrica, imene mpaka lero imagwiritsa ntchito dzina la British Gas m'dzikomo. Mbali yokumba gasi, BG Group, idagulidwa ndi Shell m'chaka cha 2016. Pofika 1998 banja lililonse lidapatsidwa ufulu wosankha kampani yoligulitsa gasi, ndipo chiyembekezo chidali chakuti mpikisano udzatsitsa mitengo.

Chidatsatira ndi chakuti makampani asanu ndi imodzi adameza anzawo nkutenga msika pafupifupi wonse, ndipo anayi mwa iwo adali ndi eni a kunja. EDF Energy ndi ya kampani ya EDF, ya boma la France. E.ON ndi ya ku Germany, ndipo m'chaka cha 2019 idatenganso npower, imene kale idali ya kampani ina ya ku Germany, RWE. ScottishPower, ngakhale dzina lake likutchula Scotland, idagulidwa ndi Iberdrola ya ku Spain m'chaka cha 2007. SSE idagulitsa makasitomala ake a m'nyumba kwa OVO m'chaka cha 2020. Tikuona kuti nchoseketsa ndithu kuti dziko limene lidati boma lisamachite malonda a gasi ndi magetsi, lidalola boma la dziko loyandikana nalo kudzachita malonda omwewo pakhomo pake.

Mapaipi nawo ali ndi eni ake, ndipo awa anthu sawadziwa kwenikweni chifukwa maina awo saoneka pamwamba pa bilu. M'chaka cha 2017 National Grid idagulitsa gawo lalikulu la mapaipi opita m'makomo, amene tsopano amatchedwa Cadent, kwa gulu la ogula momwe mudali Macquarie ya ku Australia pamodzi ndi mabungwe osunga chuma cha maboma a China ndi Qatar. Wales & West Utilities idagulidwa m'chaka cha 2012 ndi makampani a ku Hong Kong a banja la Li Ka-shing. Apa palibe mpikisano, poti msewu uliwonse uli ndi paipi imodzi. Banja likhoza kusintha kampani yotumiza bilu kangapo pa chaka, koma ndalama ya paipi idzapitabe kwa mwini yemweyo, pa mlingo umene Ofgem yavomereza.

Tisafulumire komabe kunena kuti kampani yotumiza bilu ndiyo idadya ndalama zonse. Pa nthawiyo malamulo a Ofgem ankalola makampaniwa kupeza phindu la pafupifupi mapaundi 2 pa 100 alionse. M'chaka cha 2022 Centrica idalengeza phindu la mapaundi 3.3 biliyoni, koma mbali ya British Gas yogulitsa kwa mabanja idabweretsako 72 miliyoni zokha. Zochulukazo zidachokera ku gasi amene kampaniyo imakumba, ku magetsi a nyukiliya, ndi ku malonda ogula ndi kugulitsa pa msika waukulu. Chaka chotsatira phindu la British Gas lidakwera kufika pa 751 miliyoni, Ofgem italola makampani kubweza zimene adataya m'mbuyomo, ndipo izi zidakwiyitsa anthu ambiri. Koma phindu lenileni lidali kwa okumba. M'chaka cha 2022 Shell idapeza pafupifupi madola 40 biliyoni pa ntchito zake za padziko lonse, BP nkupeza pafupifupi 28 biliyoni, ngakhale kuti ntchito yotulutsa gasi pansi sidakwere mtengo molingana ndi mmene gasiyo adakwerera. Nchifukwa chake mu Meyi 2022 nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Rishi Sunak, idaika msonkho wapadera wa 25 pa 100 pa phindu la mafuta ndi gasi wa ku North Sea, umene udakwezedwa kufika 35 mu Januwale 2023 ndi 38 mu Novembala 2024.

Makampani ang'onoang'ono ndiwo adagwa. Iwo adakopa makasitomala ndi mitengo yotsika, koma ambiri sankagula gasi pasadakhale. Tonse tikudziwa kusiyana kwa munthu wogula chimanga nthawi yokolola nkuika m'nkhokwe ndi mnzake woyembekeza kudzagula mwezi wa Febuluwale. Mitengo ya pa msika waukulu itakwera, pomwe malire a Ofgem sankawalola kukweza mabilu msanga, makampani pafupifupi 30 adatseka pakati pa 2021 ndi 2022. Yaikulu mwa iyo, Bulb, idali ndi makasitomala oposa miliyoni imodzi ndi theka, ndipo boma lidachita kuiyendetsa lokha mpaka Octopus Energy idaitenga kumapeto kwa 2022. Ofesi yofufuza za chuma cha boma, National Audit Office, idawerengera kuti kusamutsa makasitomala a makampani ena aja kudzadya mapaundi 2.7 biliyoni, kapena kuti pafupifupi mapaundi 94 pa kasitomala aliyense, ndipo ndalamazi zidaikidwa pa mabilu a anthu onse. Pamene malonda ankayenda bwino phindu lidali la eni, koma atavuta ngongole idagwera anthu amene sadapangane nawo chilichonse. Ife tikuona kuti apa Ofgem idalekerera, chifukwa idapereka ziphaso kwa makampani opanda mpamba wokwanira. Octopus, imene idayamba m'chaka cha 2015, idaposa British Gas pa chiwerengero cha mabanja pofika 2025, ndipo mwa oikamo ndalama muli Origin Energy ya ku Australia, Tokyo Gas ya ku Japan ndi thumba la penshoni la ku Canada.

Osauka adamva kuwawa koposa. Banja likalephera kulipira, kampani inkatha kutenga chilolezo cha khoti nkuliikira mita yolipiriratu, yofanana ndi ya mayunitsi imene timaidziwa kuno. Mayunitsi akatha, moto umazima, ndipo kampani siyinenedwa kuti yadula munthu. Mu Febuluwale 2023 nyuzipepala ya The Times idaulula kuti otolera ngongole m'malo mwa British Gas ankathyola zitseko kuti aike mamita otere ngakhale m'nyumba za odwala ndi za ana aang'ono. Kampaniyo idapepesa, ndipo Ofgem idaimitsa mchitidwewu kwa kanthawi nkukhwimitsa malamulo.

Ena amafunsa ngati zinthu zikadakhala bwino boma likadakhala mwini. Dziko la Norway limakumba m'nyanja yomweyo, koma boma lake lili ndi magawo 67 pa 100 a kampani ya Equinor, ndipo kuyambira 1990 lili ndi thumba losungiramo ndalama za mafuta ndi gasi. Mitengo itakwera, gawo la mabilu a ku Britain lidakathera m'thumba limenelo. Ku France boma lidalamula kuti magetsi a m'nyumba asakwere kuposa 4 pa 100 m'chaka cha 2022, ndipo EDF idataya pafupifupi mayuro 18 biliyoni chaka chimenecho, mbali ina chifukwa cha lamuloli, mbali ina chifukwa malo ake ambiri a nyukiliya adali pokonzedwa. Boma lidagula masheya onse otsala m'chaka cha 2023. Mtolowo sudathe, udangochoka pa bilu nkupita pa msonkho ndi ngongole za boma, koma boma lidali ndi mphamvu yosankha amene ausenze ndi nthawi youtula. Kugula makampani otumiza mabilu okha sikukadatsitsa mtengo wa gasi wochokera ku Qatar kapena ku Norway; mphamvu zili pa chitsime ndi pa paipi.

M'chaka cha 2025 nyumba ya malamulo idakhazikitsa kampani ya boma yotchedwa Great British Energy, koma ntchito yake ndi kuika ndalama m'magetsi a mphepo ndi dzuwa, osati kugulitsa gasi kwa mabanja. Mabilu adatsika poyerekeza ndi 2022 koma m'chaka cha 2025 adali asanabwerere pa mlingo wa 2021, ndipo m'chaka chomwecho ngongole za mabanja kwa makampani a gasi ndi magetsi zidapitirira mapaundi 4 biliyoni.