Khungu Likalimba: Tidziwe Matenda a Scleroderma

Mu Juni ndi Julayi tonse timadandaula za chisanu, koma pali anzathu ena amene zala zawo zikangozizidwa zimayera, kenako n'kuda, ndipo zimapweteka magazi akamabwereramo. Madokotala amatcha vutoli Raynaud. Ambiri amene ali nalo alibe matenda ena, komabe nthawi zambiri ndilo chizindikiro choyamba cha scleroderma.

Dzinali ndi lachigiriki, ndipo limatanthauza "khungu lolimba". Chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Timitsempha ta magazi timawonongeka, ndipo thupi limapanga collagen wochuluka amene amaumitsa khungu ngati chipsera. Matendawa amagwira kwambiri amayi, makamaka a zaka 30 mpaka 50.

Zala zimatupa, kenako khungu limakungika mpaka munthu kulephera kufumbata. Kukamwa kumachepa, ndipo pakhungu lakuda pamatuluka timadontho toyera tosakanikirana ndi takuda. Kwa ena matendawa amathera pakhungu pokha, koma kwa ena amalowa m'kati. Kummero kukakhudzidwa, munthu amavutika kumeza ndipo amamva chilungulira. Mapapo akauma, amabanika poyenda ndi kutsokomola kosatulutsa makhololo. Masiku ano mapapo ndiwo amatenga miyoyo ya odwala ambiri. Impso nazo zitha kufooka mwadzidzidzi, BP n'kukwera kwambiri.

Mankhwala ochiziratu palibe, koma chiwalo chilichonse chili ndi chithandizo chake. Nifedipine amatsegula mitsempha ya m'zala, omeprazole amachepetsa chilungulira, mycophenolate kapena cyclophosphamide amachedwetsa kuuma kwa mapapo, ndipo captopril amapulumutsa impso akaperekedwa msanga. Ife amene tikuphunzira zachipatala tisaiwale kuti prednisolone wochuluka angathe kuyambitsa vuto la impso lija. N'chifukwa chake wodwala ayenera kuyezedwa BP pafupipafupi, ngakhale akumva bwino. Azifunditsa manja ndi mapazi, azidzola mafuta, aziwongola zala tsiku lililonse, azidya pang'onopang'ono, ndiponso atalikirane ndi fodya, poti amafinya mitsempha.

Ku mpingo nakonso tili ndi gawo lathu. Scleroderma si khate, si ufiti, ndipo sapatsirana. Mlongo amene nkhope yake yasintha asakhale yekha pabenchi tsiku la Sabata. Timupatse moni wa m'manja mosaopa, timuthandize kuchapa m'madzi ozizira, ndipo akayamba kubanika timuperekeze kuchipatala osachedwa.