Ka mbale ka Starlink: mukalibe kusonkha ndalama, dziwani mmene kagwirira nchito

Amene anapitako ku Feira adziwa. Mukangopatuka pa Luangwa Bridge kusiya Great East Road, netiweki m'malo ena imayamba chibisalirano. Ndiye kuchokera pamene Starlink, ya kampani ya SpaceX, inayamba kugwira nchito mu Zambia mu October 2023, anyamata ambiri ali mu tauni aganiza zotumiza ka mbale kumudzi, monga ku Katondwe kuja kuli mishoni ya Akatolika ndi chipatala. Nzeru yabwino, koma ni ndalama zambiri, so tiyeni tikaone bwino.

Choyamba, aka si ka mbale ka DStv. Ka DStv kamangolandira chabe. Aka kamalandira ndi kutumiza, monga munthu womva ndi kuyankha.

Kale ma ofesi a kumidzi anali kuseŵenzetsa VSAT: chimbale chachikulu panja, nthambo ziŵiri zoloŵa m'nyumba, ina yotumiza ina yolandira, ndi bokosi la modemu pa tebulo. Modemu ndiye womasulira. Amatenga zimene foni kapena kompyuta yanu yakamba n'kuzisandutsa mafunde a wailesi, ndipo zochokera kumwamba amazibweza m'chilankhulo cha kompyuta. Vuto linali mtunda. Setilaiti ya VSAT imakhala pa makilomita pafupifupi 36,000, ndiye mau anali kuchedwa kupitirira theka la sekondi. Mwapereka moni, muyembekeze.

Manje pa Starlink, modemu ili mkati mwa ka mbale komweko, ndipo masetilaiti ake amazungulira pafupi, pa makilomita ngati 550. Ka mbale sikazungulira kuŵalondola. Mkati muli tuma eriyo tambiri timene timasintha kolozera mafunde, setilaiti ina ikadutsa n'kugwira inzake, inu osamva kanthu.

Ka bokosi ka m'nyumba kaja ni rauta chabe. Nchito yake ni kugaŵa: foni iliyonse imapatsidwa adiresi yake kuti vidiyo ya mlongo wanu isagwere mu foni ya amalume. Mukatumiza voice note pa WhatsApp, imachoka mu foni kupita ku rauta, kukwera nthambo, ka mbale n'kuiponya kumwamba. Setilaiti imaitsitsira pa siteshoni ya pansi yolumikizidwa ku intaneti, kapena kuipatsira setilaiti inzake ndi laser mpaka ipeze potsikira.

Apa pa nthambo ndiye pofunika kutchera khutu. Ni imodzi, koma imanyamula vonse viŵiri, malaiti opita ku mbale ndi data yobwera. Khoswe akaitafuna, olo chitseko chikaipana, zonse zii. Osailumikiza na tepi monga ya wailesi, mwandi. Iloŵetseni mu paipi.

Malaiti nawonso. Mbale wamba imadya mawati 75 kufika 100, pamene ka Mini kamadya 25 kufika 40. Amene akumbukira loadshedding ya 2024, madzi atachepa ku Kariba, adziwa kuti sola ndi batire viyenera kukhala mu bajeti kuyambira poyamba. Kwa nyumba imodzi ku Katondwe, ine ningasankhe ka Mini.

Kenaka dzuŵa la m'chigwa cha Luangwa. Mu October kumapsa kupitirira madigiri 40, ndipo mbale inapangidwa kupirira kufika 50. Mukaigoneka pa malata otentha imadzizimitsa yokha, ndiye ikwezeni pa mtengo wachitsulo mphepo izipita pansi. Koma osaibisa pansi pa mlambe kapena msau ati ipeze mthunzi, kaili ifuna kuona kumwamba popanda chotchinga. App ya Starlink ili na kamera yopimira malo mukalibe kukhoma.

Ndipo imwe ofuna kugulitsa Wi-Fi pa kantemba, phukusi la panyumba silololedwa kugulitsanso. Ŵerengani pangano lake, mufunsenso ku ZICTA za laisensi mukalibe kulemba mitengo pa chikwangwani.