MORPHINE SI KALATA YA IMFA, AMAYI!

Mphekesera ina yomwe ndimaimva m'misika yathu ndi yoti dokotala akalembera wodwala khansa morphine ndiye kuti zatha, kagulenitu bokosi. Bodza limeneli likugonetsa amayi ambiri ndi ululu popanda chifukwa.

Ndikunena makamaka za khansa ya thumba la mazira a amayi. Imeneyi ndi yosiyana ndi ya khomo la chiberekero, ndipo kuyeza kwa VIA kuja sikuiona ayi. Imabwera mwakachetechete: mimba kufufuma, kukhuta msanga, kukodza pafupipafupi, kupweteka m'chinena. Ena amati ndi mimba, ena amati alodzedwa ndi mnzawo wa benchi loyandikana. Pofika kuchipatala n'kuti itafalikira.

Chithandizo chake chenicheni ndi opaleshoni pamodzi ndi mankhwala a m'diripi, kawirikawiri carboplatin ndi paclitaxel. Amaperekedwa kamodzi pa masabata atatu alionse, nthawi zambiri maulendo 6. Inde, tsitsi limathothoka, nseru imavuta, zala zimachita dzanzi. Koma tsitsi limameranso, ndipo mankhwala oletsa kusanza alipo. Choopsa n'kulekera panjira poti geni yaima.

Nanga ululu? Mu 1986 bungwe la WHO lidakhazikitsa makwerero atatu. Poyamba ndi Panado kapena Brufen. Zikakanika, codeine kapena tramadol. Ululu ukakula, morphine wakumwa, maola 4 alionse osadikira kuti ululu uyambe wabwerera. Akamwedwa monga adokotala anenera, morphine safupikitsa moyo. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo. Madzi akadzaza m'mimba, achipatala amatha kuwachotsa kuti mayi apume bwino.

Chonde abale, tileke kugula timapilitsi ta m'mapepala pamsika n'kumamwetsa wodwala mulu. Brufen wochuluka amabweretsa zilonda za m'mimba n'kuononga impso, pomwe carboplatin amafuna impso zabwino.

Kopita kulipo. Ku Blantyre kuli Tiyanjane Clinic pa Queens, ku Salima kuli Ndi Moyo, ku Lilongwe kuli chipatala cha khansa pa Kamuzu Central. Kuchipatala cha boma m'boma lanu funsani za "palliative care".

Mimba ikafufuma masabata angapo osaphwa, siyirani mnzanu tomatoyo mupite mukapimidwe. Ndipo amene muli ndi wodwala kunyumba, akabuula usiku musangoti "pirirani mayi". Kam'pemphereni mankhwala.