Dzina la Disiki Lisadalire Malo Ake pa Mzere

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Chifunga m'boma la Neno, komwe ndinkajambula nthano za agogo anga pokonzekera kafukufuku wa kusukulu. Mawuwo ndinkawasunga pa kompyuta ya msuweni wanga yoyendera Linux, yomwe ili ndi madisiki awiri: yakale ya IDE ndi yatsopano ya SATA. Tsiku lina magetsi atabweranso tinaiyatsa, koma nthano zija sizinaoneke. Ndinatuluka thukuta. M'nkhani ino ndifotokoza chomwe chinachitika ndi mmene tingachipewere.

Poyamba, kompyuta ikamayaka, Linux imapatsa madisiki mayina monga sda ndi sdb potsata yomwe yapezeka msanga. Zili ngati pa chigayo: wofika m'mamawa ndiye woyamba, koma mawa woyamba akhoza kukhala wina. Kale madisiki a IDE ankatchedwa hda kapena hdb molingana ndi pomwe alumikizidwa, choncho dzina silinkasintha. Kuyambira mu 2006, ndi Linux 2.6.19, nawonso anayamba kulowa m'gulu la sda. Madisiki osiyana mitundu sadzuka pa liwiro limodzi, ndipo fulashi yoiwalika pa kompyuta ikhoza kulowerera pa mzerewo. N'zimene zinatichitikira: nthano zinalipo, koma kompyuta inkazifuna pa disiki ina.

Chachiwiri, m'malamulo a chiyankhulo timasiyanitsa mlowam'malo ndi dzina lamwinimwini. Mawu oti "uyu" amasintha mwini malinga ndi yemwe wayandikira, pomwe "Chifunga" ndi Chifunga basi. Dzina la sdb lili ngati "uyu". Dzina lamwinimwini la gawo la disiki ndi UUID, mndandanda wa manambala ndi zilembo 32 womwe umalembedwa pa gawolo likamakonzedwa. Lamulo la blkid limaonetsa UUID ya gawo lililonse. Tinatsegula fayilo ya /etc/fstab, yomwe imauza kompyuta poika disiki iliyonse, n'kuchotsa /dev/sdb1 ndi kulembapo UUID. Wofuna dzina losavuta kukumbukira akhoza kulipatsa gawolo dzina, n'kulemba LABEL=nthano.

Chenjezo ndi lakuti gawo likafufutidwa n'kukonzedwanso, UUID imasintha, ndipo fayilo ija iyenera kukonzedwanso. Komanso woopsa ndi munthu wofufuta "sdb" asanatsimikize kuti lero sdb ndi iti.

Pomaliza, nthano za agogo zinapezeka zonse. Tsiku lomwelo ndinazikoperanso pa fulashi.