Cal Bruton: Mlendo Wobwera ndi Kalumo Kakuthwa

Pa masewera a basiketibolo, osewera ena amakhala pa timu imodzi mpaka kukalamba, pomwe ena amasamukasamuka. Cal Bruton anali wosamukasamuka. Iye adabadwira mumzinda wa New York, ku America, m'chaka cha 1954. Ngakhale anali wamfupi poyerekeza ndi anzake, anali waliwiro komanso wodziwa kuponya mpira patali.

Bruton adafika ku Australia mu 1979 ndipo adayamba kusewerera timu ya Brisbane Bullets. Kenaka adapita ku Geelong, komwe ankasewera uku akuphunzitsa anzake. Atabwerera ku Brisbane, adapambana nawo chikho mu 1985.

Mu 1987 adabwera kuno ku Perth. Pa nthawiyo timu ya Perth Wildcats inali isadatengepo chikho cha ligi ya dziko lino. Chaka chomwecho timuyi idafika mu ndime yomaliza, koma idagonja kwa Brisbane. Bruton sadataye mtima. Mu 1990, ali mphunzitsi wa timuyi, adakumananso ndi Brisbane mu ndime yomaliza, ndipo Wildcats idapambana chikho chake choyamba.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Nzeru zomwe Bruton adatola m'matimu osiyanasiyana ndi zomwe zidapindulira Perth. Inunso, amene makolo anu adachokera kutali, mwabwera ndi kalumo kanu.

Mafunso
1. Tchulani matimu atatu omwe Bruton adasewerera.
2. Kodi mwambi wa mlendo ukutanthauzanji?